Lamulo la 1968 silingathetse nyimbo zolaula

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo zakukhosi pa nkhani ya nyimbo ndi zisudzo zotukwana. Amene talemba kalatayi ndife ojambula nyimbo m'masitudiyo, osankha nyimbo pa wailesi ndi otsogolera zisudzo, ndipo zolaula zomwe zikulowa m'makutu mwa ana zikutiwawa monga momwe zikuwawira kholo lina lililonse. Chomwe tikukana ndi mankhwala omwe anthu amathamangira. Woimba akatulutsa nyimbo yoyabwa m'makutu, pa Facebook pamayaka moto, atsogoleri a mipingo amadzudzula, kenaka pamamveka mfuu yakuti a Censorship Board ali kuti. Bungwelo likalengeza chiletso, nyimboyo imakhala itafika kale pa WhatsApp, pa memory card ya kondakitala ndi pa kompyuta ya mnyamata woika nyimbo m'mafoni pamsika. Ngakhale amene sanali kuidziwa amayamba kuifunafuna tsiku lomwelo.

Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act la 1968. Nthawi imeneyo wailesi inali imodzi, ya MBC, kanema wa dziko kunalibe, ndipo filimu kapena mbale ya nyimbo inkalowa m'dziko pa zipata zowerengeka. Ukatseka zipatazo, watseka zonse. Lamuloli limapatsa bungwe mphamvu yoona chinthu anthu asanachione, yodula mbali zina, yokana kupereka chilolezo cha sewero, ndi yolengeza kuti buku, chithunzi kapena nyimbo ndi yosayenera. Zifukwa zake ndi zotakata kwambiri. Kupatula zolaula, muli zoti chinthu chikhoza kuletsedwa ngati chikunyozetsa munthu kapena gulu la anthu, kapena ngati chikuoneka kuti chingasokoneze bata. Sewero lililonse loseka nduna yakuba likhoza kukodwa m'mawu amenewa.

Ndipo mbiri yathu ikusonyeza amene amakodwa. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, linatuluka mu 1981, linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu, ndipo mwini wake anamangidwa mu Sepitembala 1987 n'kukhala ku Mikuyu mpaka Meyi 1991 popanda kuzengedwa mlandu. M'bukumo mulibe chitukwano. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992 inatchedwa yogalukira boma, kukhala nayo kunali mlandu, koma inkanena za malipiro, zipatala ndi anthu otsekeredwa. Wina anganene kuti izo ndi za chipani chimodzi. Koma ngakhale mu demokalase, woimba Evison Matafale anafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001 atamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma. Mu 2011 Thlupego Chisiza anamangidwa ku Blantyre chifukwa cha sewero lodzudzula ulamuliro wa nthawiyo, ndipo mlandu womwe anamupeza nawo unali woonetsa sewero popanda chilolezo cha Censorship Board. Nyimbo za malemu Lucius Banda zinasowa pa MBC nthawi yomwe ankasemphana ndi olamula. Anthu onsewa sanavutike chifukwa cha mawu a kumaliseche. N'chifukwa chake kholo likamapempha kuti bungweli lipatsidwe mano akuthwa, lidziwe kuti manowo akhala akuluma ena, osati amene likuwadandaula.

Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 35, amapereka ufulu wolankhula zakukhosi kwa munthu aliyense, ndipo gawo 44 limati ufulu ungachepetsedwe pokhapokha ngati kuteroko kwalembedwa m'lamulo, n'komveka, n'kovomerezeka pa dziko lonse, ndipo n'kofunikadi m'dziko la demokalase. Dziko layamba kale kuyenda njira imeneyi. Gawo 46 la Penal Code, lomwe mu 2011 linapatsa nduna mphamvu yoletsa zosindikizidwa, linachotsedwa mu 2012. Mu 2022 aphungu anachotsa milandu yogalukira boma ndi mawu. Mu Julayi 2025 khoti linagamula kuti gawo 200, lomwe linkachititsa kuipitsa mbiri ya munthu kukhala mlandu wopita nawo kundende, likutsutsana ndi malamulo aakulu. Lamulo la 1968 latsala ngati chitsa m'munda wolimidwa kale.

Izi sizitanthauza kuti chilichonse chimene woimba wanena pa maikolofoni n'chololedwa. Mu Januwale 2018 Mwiza Chavura anatulutsa nyimbo yoopseza kugwirira mtsikana yemwe wamukana. Mabungwe a amayi anadandaula, Censorship Board inailetsa, apolisi anamumanga ndipo nkhani inakafika kukhoti. Choipa cha nyimbo imeneyo sichinali mawu amodzi omwe ukanawadula n'kuisiya yoyera. Ukanachotsa mawu onse oyabwa, chiopsezocho chikanatsalabe, chifukwa chinali m'nkhani yonse ya nyimboyo. Chinthu chotere, pamodzi ndi nyimbo yolimbikitsa kupweteka anthu achialubino, okalamba onamiziridwa ufiti kapena mtundu wina wa anthu, komanso chithunzi chilichonse cholaula cha mwana, ndi nkhani ya apolisi ndi makhoti. Kukhoti woimbidwa mlandu amamva chomwe walakwa, amayankha, ndipo akhoza kuchita apilo. Chitukwano wamba cha m'nyimbo ya kumowa ndi nkhani ina, ndipo funso lake ndi lakuti akumva ndani, nthawi yanji, pamalo pati.

Makolo athu funso limeneli ankalidziwa. Mawu omwe anamkungwi amanena kutsimba sanenedwa pabwalo la mfumu. Nyimbo zina za Gule Wamkulu, yemwe UNESCO inamuzindikira mu 2005, zili ndi mawu omwe sungawabwereze pamaso pa apongozi, koma zili ndi nyengo yake ndi malo ake. Asuweni amanyozana mawu omwe mlendo atawanena pangabuke mlandu, ndipo amayi pamtondo ankadzudzula mwamuna waulesi kapena wachimasomaso m'nyimbo, mudzi wonse ukumva. Palibe amene ankaletsa nyimbozi. Ankazisanja malinga ndi msinkhu wa omvera ndi malo. Chomwe chasokonekera lero n'chakuti foni ndi sipika zachotsa mpanda, moti mawu a kutsimba akumveka m'minibasi yodzaza ana a sukulu.

Tikupempha kuti bungweli lisiye ntchito yoletsa, litenge ntchito yosanja. Ku Britain bungwe loona mafilimu linasintha dzina mu 1984, kuchoka pa kudula kupita pa kusanja. Ku South Africa lamulo la 1996 linabweretsa Film and Publication Board yomwe imaika msinkhu monga 13, 16 ndi 18, pamodzi ndi zilembo zouza kholo chomwe chilimo, L pa mawu, V pa nkhanza, S pa zogonana. Kwa ife magulu anayi ndi okwanira: za aliyense, 13, 16 ndi 18. Malangizo ake alembedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina zomwe anthu amaimbira, chifukwa mndandanda wa mawu oipa a Chingerezi sutithandiza kanthu. Nyimbo zambiri zomwe makolo amadandaula nazo zilibe chitukwano ngakhale chimodzi. Zimayenda m'zining'a, zimanena za zakudya, za galimoto, za ntchito za kumunda, koma mwana wa Sitandade 6 amadziwa chomwe chikunenedwa. Wosanja ayenera kukhala munthu wodziwa chilankhulo cha m'misewu cha chaka chino, osati amene akungoyang'ana mawu pa pepala.

Bungwe silingamvere nyimbo iliyonse yomwe ikutuluka m'masitudiyo a ku Ndirande, Kawale ndi Chibavi. Choncho woimba ndi womujambula aziika okha msinkhu potsatira malangizowo, pa fomu ya tsamba limodzi yomwe ingatumizidwe pa foni pamodzi ndi mawu a nyimbo. Bungwe lizitola zina mwa apo ndi apo n'kumvera, komanso lizimvera iliyonse yomwe munthu waidandaula. Likapeza kuti msinkhu unaikidwa motsika, liukweze, lilembe zifukwa, ndipo woimba akhale ndi masiku 14 ochita apilo ku komiti ina yomwe mulinso oimira Musicians Union of Malawi, olemba, aphunzitsi ndi oteteza ana. Wonama mobwerezabwereza alipire chindapusa. Sewero la pa siteji lisafunenso chilolezo cha nkhani yake. Chikwangwani chake chizilemba msinkhu, ndipo wa pakhomo aziona amene akulowa. Chilolezo cha holo chikhale cha zitseko zothawira moto, zimbudzi ndi kuchuluka kwa anthu basi.

Gawo lalikulu la ntchitoyi lili kusitudiyo, ndipo pamenepa ndi pomwe anzathu ambiri amalakwitsa. Nyimbo yokhala ndi mawu oyabwa izituluka iwiri, ya akulu ndi yoyera. Njira yabwino koposa ndi kulemba mizere ina yolowa m'malo mwa yoyabwayo n'kuijambula tsiku lomwelo, pa maikolofoni yomweyo, woimba ataima mtunda womwewo. Akabwera sabata yotsatira mawu ake amakhala atasintha, mwina wasasa kapena ali ndi chimfine, ndipo chigambacho chimamveka. Wojambula asunge padera mawu otsogolera, mawu othandizira, timawu toponyera m'mbali ndi biti, zonse m'mafayilo a WAV, omwe amasunga mawu osawafinya, pa malo awiri osiyana. Chomwe chimachitika kawirikawiri n'chakuti polojekiti imafufutidwa pofuna malo pa kompyuta, kapena hard drive imapsa magetsi akabwera mwamphamvu, n'kutsala MP3 yosakaniza kale. Pa MP3 yotere sungachotse mawu osadula biti, ndipo nyimbo imatsala ndi dzenje lomwe aliyense amalimva.

Ngati mizere ina sinajambulidwe, ndiye kuti mawuwo azimitsidwe, koma azimitsidwe pa matraki onse a mawu, kutanthauza mbali zonse za mawu zomwe zinajambulidwa padera. Ambiri amazimitsa pa mawu otsogolera n'kuiwala kuti woimba anabwereza mzere womwewo kawiri kapena katatu pansi pake, ndipo chitukwanocho chimamvekabe chapansipansi. Kudulako kuchitike mawu asanapite ku reverb ndi delay, zomwe zimatalikitsa ndi kubwereza mawu, apo ayi mawu omwe wachotsawo amabwerera ngati mauwa patapita theka la sekondi. M'mbali zonse ziwiri za malo odulidwawo muikidwe kafade, kuzilalitsa mawu pang'onopang'ono, ka mamilisekondi 5 mpaka 10 kuti pasamveke kuthetheka. Kenaka pali vuto la chilankhulo chathu. Mawu a Chichewa amamangidwa ndi tizidutswa, ndiye ukadula tsinde lokha n'kusiya zakutsogolo ndi zakumapeto, womvera amadzaza yekha, makamaka ngati mzere wapamwamba ukuthera pa liwu lofanana. Kutembenuza mawu kuti amveke chafutambuyo nakonso sikubisa bwino mawu afupi okhala ndi mavawelo ofanana. Kulira kwa "piii" kwa 1 kHz kumangouza mwana kuti apa pali kanthu, akafunse anzake. Nthawi zambiri chofunika ndi kuchotsa mzere wonse n'kusiya biti iyende yokha, kapena kubwereza mzere wina woyera pamalopo. Ukamaliza, mvetsera pa mahedifoni, kenaka pa sipika ya foni, chifukwa foni imakweza mawu apakati ndipo zotsalira zimaonekera pamenepo.

Kanthu kena kooneka kakang'ono koma komwe kachititsa manyazi mawailesi ambiri ndi dzina la fayilo. Mafayilo awiri akakhala ndi dzina limodzi, DJ wothamanga amatenga yomwe yayandikira. Dzina la yoyera lizinena kuti ndi ya pa wailesi, la inayo likhale ndi 18 poyambirira penipeni, ndipo zomwezo zilembedwe m'kati mwa fayilo ndi pa chithunzi cha nyimbo. Vidiyo nayo ikhale iwiri. N'zopanda phindu kuyeretsa mawu pomwe milomo ya woimba, mawu olembedwa pansi ndi kavinidwe zikunena zomwe zachotsedwazo.

Pa wailesi lamulo loyamba ndi lakuti nyimbo isalowe m'kompyuta youlutsira munthu asanaimvere yonse. Kumvera masekondi 30 oyamba n'kumene kumagwetsa anthu, chifukwa zoyabwa zimakonda kubisala m'ndime yachitatu, ya woimba woitanidwa, kapena m'zolankhula za kumapeto nyimbo ikuzilala. Munthu mmodzi akhale ndi udindo wolowetsa nyimbo, ndipo muulutsi asaloledwe kulumikiza flash kapena foni yake ku makina. Mapulogalamu oulutsira amalola kutsekera nyimbo kuti isatuluke maola ena, ndiye za 16 ndi 18 zitsekeredwe masana onse. Pa kanema, Britain imayamba za akulu 9 koloko usiku mpaka 5:30 m'mawa, ndipo South Africa imayamba 9 koloko mpaka 5 koloko pa kanema waulere. MACRA, yomwe ili ndi mphamvu pa zoulutsidwa kudzera mu Communications Act ya 2016, ikhoza kuika malire omwewo momveka bwino n'kumawatsatira. Tingowonjezera kuti kwathu kuno banja lonse limamvera wailesi imodzi, ndipo pofika 5 koloko m'mawa ana adzuka kale akukonzekera sukulu, ndiye DJ wa usiku azidziwa kuti ola lake lomaliza si la akulu okha.

Mapulogalamu oimba foni ndi omwe amatulutsa zitukwano zoopsa kuposa nyimbo, makamaka nyengo ya kampeni ndi pambuyo pa mpira wa Bullets ndi Wanderers. Mankhwala ake ndi makina ochedwetsa mawu ndi masekondi 7 mpaka 10, okhala ndi batani lotaya zomwe zangonenedwa zisanafike pa mlongoti. Kuti agwire ntchito, muulutsi azimvera mawu a m'situdiyo osati a pa mphepo, apo ayi amasokonezeka ndi mawu ake omwe. Woimba foni auzidwe kutsitsa wailesi yake. Batani likadindidwa, makina amafuna kanthawi kuti amangenso masekondi aja, choncho muulutsi asalandire foni ina nthawi yomweyo. Aike jingo kapena alankhule yekha kaye. Pakhalenso munthu wachiwiri wolandira mafoni asanapite pa mphepo, amene amamva ngati woimbayo waledzera kapena wabwera ndi ndewu. Wailesi za m'madera zomwe sizingagule makina apadera zikhoza kuchita zomwezi ndi pulogalamu ya pa kompyuta. Zonse zoulutsidwa zizijambulidwa n'kusungidwa, kuti dandaulo likabwera pakhale umboni osati zoti ndinamva.

Koma tinene zoona, ana ambiri samva zolaula pa wailesi. Amazimva m'minibasi, m'mavidiyo shoo, pa sipika za malo ogulitsira mowa omwe ali pakati pa nyumba za anthu, ndi kwa ma DJ a pa zikwati, pa zinkhoswe ndi pa madisiko a sukulu. Kumeneku chiletso cha ku likulu sichifika, koma khonsolo imafika, chifukwa ndi yomwe imapereka ziphaso za malonda. Chiphaso cha vidiyo shoo chizinena kuti chikwangwani cha panja chilembe msinkhu wa filimu iliyonse, kuti za 18 zisaonetsedwe masana, ndi kuti sipika ya panja izimitsidwe pomwe za akulu zikuonetsedwa, poti mwana amene wakanizidwa pakhomo amangokhala pakhonde n'kumamva zonse. Mabungwe a eni minibasi akhoza kugwirizana kuti m'galimoto yonyamula anthu muziimbidwa zoyera zokha. Mphunzitsi wamkulu kapena wapampando wa komiti ya ukwati azipempha mndandanda wa nyimbo kwa DJ tsiku lisanafike. Zonsezi zimatheka pokhapokha ngati nyimbo yoyerayo ilipo ndipo ili ndi chizindikiro, n'chifukwa chake tayambira kusitudiyo. Anyamata oika nyimbo m'mafoni, omwe COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, imawadziwa kale pa nkhani ya ziphaso, akhoza kusunga mafoda awiri n'kumafunsa kuti foniyo ndi ya yani.

Pa intaneti tikuona kale msampha womwewo wa 1968 ukubadwanso. Gawo 87 la Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 limalanga munthu amene mwadala ndi mobwerezabwereza amasowetsa mnzake mtendere pa foni kapena pa intaneti, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi miyezi 12 kundende. Mtsikana amene akutumiziridwa zolaula usiku ndi usiku, kapena mayi amene zithunzi zake zamwazidwa ndi mwamuna yemwe anasiyana naye, akufunikadi chitetezo cha lamulo, ndipo apolisi azithamangira milandu imeneyi. Koma anthu akhala akumangidwa pansi pa lamulo lomweli chifukwa cha uthenga wonyoza andale pa WhatsApp ndi pa Facebook. Wandale amene wanyozedwa ali ndi wailesi, ali ndi msonkhano, ali ndi loya woti akasumire kukhoti ngati wanamiziridwa. Chitokosi cha apolisi sichiyenera kukhala yankho lake. Gawoli likonzedwe kuti linene poyera kuti kudzudzula kapena kuseka munthu wa paudindo pa ntchito yake, ngakhale ndi mawu opanda ulemu, si mlandu.

Kwa oimba anzathu tili ndi mawu olimba. Ufulu womwe mukuimbira lero anauvutikira anthu omwe anagona pa simenti ku Mikuyu, ndipo nthawi iliyonse mukatulutsa nyimbo yonyoza thupi la mkazi popanda chizindikiro, popanda yoyera, n'kuikankhira dala m'magulu momwe muli ana, mukupereka chifukwa kwa amene akufuna kuti lamulo la 1968 likhalebe. Musicians Union of Malawi isadikire nyumba ya malamulo. Ikhoza kuyamba mawa kupempha kuti nyimbo iliyonse yopikisana pa mphoto kapena yotumizidwa ku wailesi ibwere ndi msinkhu wake ndi mawu ake olembedwa, ndipo masitudiyo akhoza kuphatikiza mtengo wa nyimbo yoyera pa mtengo wa mix, kusakaniza mawu ndi biti, poti ndi ntchito ya ola limodzi matraki akadali otsegula.

Kwa aphungu ndi unduna woona za chikhalidwe, pempho lathu ndi lakuti bilu yolowa m'malo mwa lamulo la 1968 ichotse chilolezo cha nkhani ya sewero ndi mphamvu yolengeza buku kapena nyimbo kukhala yosayenera popanda khoti, iike magulu anayi a msinkhu ndi komiti ya apilo yoima payokha, ndipo ilamule kuti chigamulo chilichonse cha bungweli chizisindikizidwa pamodzi ndi zifukwa zake pasanathe masiku 7. Mamembala a bungwe azifunsidwa mafunso ndi komiti ya nyumba ya malamulo asanayambe ntchito, ndipo pakhale mpando wa wachinyamata wosapitirira zaka 30 amene amamva zomwe zikuimbidwa.

Ife,
Ojambula nyimbo, ogwira ntchito pa wailesi ndi a zisudzo,
Blantyre ndi Lilongwe